Chingerezi cha Margarida

Letty Mbewe anatsika sitima pa siteshoni ya Wanki mu Disembala 1956, atangomaliza Folomu 2 ku sukulu yogonera konko ya asisitere kufupi ndi Bulawayo. Anatsika atavala masokosi oyera mbee, koma pofika kwawo ku komboni ya Lwendulu anali atatuwa kale ndi fumbi la malasha. Zimenezo sizinamuchotsere ulemu ngakhale pang'ono. M'komboni monsemo, ana amene anapondako ku sekondale anali atatu basi: iyeyo, Kingston ndi Tobiasi. Akamadutsa, azimayi apampopi ankasiya ndowa zikusefukira n'kumawayang'ana. Bambo ake, a Laiton, omwe anali kalaliki ku ofesi yogawira phoso, Lamlungu likafika ankayenda naye pang'onopang'ono popita kutchalitchi, ndipo njira yachidule ankaiiwala dala.

Sabata isanathe, ahedi a sukulu ya pulayimale ya mishoni, a Kambalame, anawaitanitsa atatuwo. Anawapatsa mipando, chinthu chimene sanachitepo nthawi yonse imene anali ana awo a sukulu.

"Ana anga," anatero ahediwo akupukuta thukuta, "sukulu ino ikudontha ngati denga lake lomwe. Mwana akafika Sitandade 3 ndiye kuti wapita. Anyamata amathawira ku gofu kukanyamula zikwama za azungu, atsikana amakhala pakhomo n'kumalera ang'ono awo mpaka wina atabwera kudzawafunsira. Ndalankhula, ndakwapula, ndapemphera. Tsopano ndikufuna akuoneni inuyo. Aliyense atenge ana angapo pa tchuthi chino, awaphunzitse, aziyenda nawo, adziwe kuti sukulu ili ndi kotulukira. Tchuthi chikamatha tidzachita chionetsero. Ansembe adzabwera, ndi alendo akumayadi omwe."

Kingston anatenga anyamata ake n'kupita nawo kubwalo la mpira, ndipo maphunziro anathera komweko. Tobiasi ankawerengera ake Chilatini pansi pa mtengo wa tsanya mpaka onse atagona. Letty ndiye anaitenga ntchitoyo ngati kuti waitanidwa ndi Mulungu. Anapatsidwa atsikana anayi. Atatu anabwera masiku oyambirira kudzaona nsapato zake ndi kugwira tsitsi lake, ndipo ataona kuti palibenso china choona anasiya. Anatsala mmodzi, Margarida.

Margarida anali wa zaka khumi ndi ziwiri, wowonda, wamaso akuluakulu. Ankachokera ku komboni ya Madumabisa wapansi, wopanda nsapato, kawirikawiri mlongo wake wamng'ono ali kumsana. Bambo ake, a Antonio, anachokera ku Angonia kwa Apwitikizi, ndipo ntchito yawo inali yowola malasha ndi fosholo pansi pa mgodi. Mtsikanayo ankalankhula Chinyanja chakwawo, Chinambya cha anzake apampopi, Chindebele chotukwanira anyamata, ndi Chilapalapa chimene ankamva kwa akapitawo. Masamu ankawamaliza Letty asanamalize kulemba funso. Koma ukamufunsa m'Chingerezi ngakhale dzina lake, ankangoyang'ana zala zakumapazi, pakamwa atatseka ngati watafuna ulimbo.

"Ukudziwa kuti mutu wakowu ndi wa ku sekondale?" anatero Letty tsiku lina.

"Sindikudziwa, Asisi."

"Ndikukuuza ndine. Chatsala n'Chingerezi basi. Popanda chimenecho sungakhoze Sitandade 6. Ukundiopa?"

"Ayi. Ndimaopa kuseketsa anthu."

"Pano palibe anthu. Pali ine ndi mwana ali kumsanayo."

Letty anaganiza zomuphunzitsa mmene iye anaphunzirira. Buku lake lakale la Chingerezi linali lonena za banja lina la azungu: bambo amapita ku ofesi, mayi amathirira maluwa, khanda limagona m'kangolo, ndipo madzulo aliwonse amamwa tiyi. Kwa asisitere nakonso Chingerezi chambiri anachitola m'kalasi ya zapakhomo, poyala tebulo, posita nsalu ndi posambitsa chidole. Ndiye anabwereka makapu awiri a amayi ake, mbale, thaulo ndi ketulo yakale, n'kuziika pa desiki.

"Tichite sewero. Ine ndine dona. Iwe ubweretse tiyi, ndipo chilichonse ndinganene uyankhe m'Chingerezi."

Letty anakhala pampando, anapinda mwendo pamwamba pa unzake, anakweza mphuno, n'kuyamba kulankhulira m'mphuno momwemo. Margarida anaseka mpaka misozi, mwana wakumsana n'kudzuka. Koma kusekako n'kumene kunamasula lilime. Pofika Khirisimasi ankatha kupereka moni, kupepesa, kufunsa ngati dona akufuna shuga, kunena kuti khanda lagona kapena lamva kutentha. Chaka chatsopano chitalowa ankawerenga bukulo yekha, n'kumafunsa mafunso amene Letty ankawayankha mwa kusintha nkhani. Letty sankalola zongoyerekeza. Liwu likapotoka ankamubwezera mpaka liwongoke.

"Osamangolota zimene munthu wanena," ankatero. "Umve bwinobwino, unene chimene wamva. Pa mayeso salipira zongopeka."

Masana ena Letty anamuperekeza mpaka ku Madumabisa kuti akaonane ndi makolo ake. Nyumba inali ya chipinda chimodzi, khoma lakuda ndi utsi. A Antonio anali mtulo poti anagwira ntchito usiku, ndipo chifuwa chawo chinkamveka panja. Amayi ake a Margarida, a Evangelina, anali kuchapa ovolosi pamwala. Anamuyalira Letty thumba, anamupatsa madzi, n'kumumvetsera akufotokoza za Sitandade 6, za sekondale, za atsikana amene akukhala anamwino ndi aphunzitsi.

"Zonsezo n'zaka zingati, mwananga?"

"Zisanu ndi ziwiri mwina, amayi. Kapena zisanu ndi zitatu."

A Evangelina anatembenukira kukhomo kumene kunkachokera chifuwa chija, kenako anabwerera ku ovolosi yawo.

"Nanga Chingerezi chimene akutisokosa nacho m'nyumba munochi, adzadya?"

"Amayi, munthu wodziwa Chingerezi sasowa ntchito. Ndikukulonjezani."

"Mwatero?"

"Ndatero."

Letty anabwerera ku Lwendulu mtima uli m'malo. Anauza bambo ake kuti anthu osaphunzira si ovuta ayi, amangofuna munthu wowafotokozera bwino.

Tsiku la chionetsero kunatentha kuyambira m'mawa. Makolo anadzaza bwalo la sukulu, azimayi pansi, azibambo m'mbali atavala majekete. Kutsogolo anaika mipando itatu: wa ansembe, wa ahedi, ndi wa dona wina, mkazi wa injiniya wa kumgodi, amene anali mkulu wa bungwe la azimayi achizungu lothandiza masukulu a m'komboni. Donayo anabwera ndi mwana wake wongoyamba kuyenda, wofiira ndi dzuwa, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti akanakonda kukhala kwina.

Anyamata a Kingston anaguba, anatembenukira kumanja ena kumanzere, anthu n'kuwomba m'manja. Mnyamata wa Tobiasi analakatula mizere iwiri ya Chilatini, wachitatu unamuthawa, ndipo anaumaliza m'Chindebele. Kenako inafika nthawi ya Letty. Anayamba ndi masamu. Ahedi analemba pa bolodi funso la Sitandade 5, Margarida analimaliza osapumira, ansembe anagwedeza mutu. Dona sanaone, poti nthawi imeneyo mwana wake anali atayamba kulira ndipo iye ankamukupiza ndi chipewa.

Sewero la tiyi ndi limene linadzutsa bwalo. Letty atakweza mphuno n'kuyamba kulankhulira m'mphuno, azimayi anagubuduzika ndi phwete, ena akuba maso kuyang'ana dona weniweniyo. Margarida anayala thaulo, anaika makapu, anathira madzi osataya dontho, akuyankha funso lililonse momveka mpaka kumbuyo. Koma mwana wa dona anakweza kulira kwake mpaka mawu a sewero anamira. Margarida, amene analera ana kuyambira ali ndi zaka zisanu, sanaganize kawiri. Anatula ketulo, anapita kwa dona, anagwada pang'ono n'kupempha m'Chingerezi choyera kuti amunyamuleko mwanayo. Anamuika paphewa, anamusisita kumsana, n'kumuyimbira kanyimbo ka nyenyezi kamene Letty anamuphunzitsa. Mwanayo anakhala chete, chala m'kamwa.

Bwalo lonse linaphulika ndi nthungululu. Letty anamva ngati akuyandama. A Laiton anavula chipewa n'kuchivalanso.

Anthu akubalalika, dona anakodola Letty ndi chala.

"Ndiwe wamuphunzitsa mtsikanayu? Wachita bwino kwambiri. Amayi ake alipo? Aitane, unditanthauzire."

A Evangelina anabwera akukonza mpango, anagwada patali pang'ono. Margarida anaima pambali, mwana wa dona akadali paphewa. Letty anaima pakati, atawongola msana monga ankachitira pamaso pa asisitere.

"Uwauze kuti ali ndi mwana wanzeru ndi waukhondo," anatero dona.

Letty anatanthauzira mokweza kuti ndi ena amve.

"Uwauze kuti atsikana atatu ndawachotsa chaka chathachi chifukwa samva zimene ndikunena, ndipo ine Chilapalapa chimandipweteka mutu."

Letty anatanthauziranso, koma mawu anatsika pang'ono. Sankaona kumene nkhaniyo ikulowera, kapena mwina anayamba kukuona.

"Uwauze kuti ndikumufuna mtsikanayu kunyumba kwanga, azilera mwanayu. Azigona konko, azidya konko, ndimugulira yunifolomu ndi nsapato, ndipo malipiro ndizipereka kwa amayi akewa mwezi ndi mwezi. Ayambe Lolemba."

Letty anatembenukira kwa mayiyo. A Evangelina ankamuyang'ana pakamwa, kudikira. Ahedi anali chapafupi akuseka ndi ansembe. Letty, mtsikana amene sananamepo kwa asisitere ngakhale pa nkhani ya shuga wobedwa, ananena kuti:

"Akuti mwanayu musamusiyitse sukulu. Akuti apitirize mpaka ku sekondale."

"Ayi, Asisi," anatero Margarida mofatsa. "Sananene choncho."

Ndipo anatembenukira kwa amayi ake n'kubwereza zonse m'Chinyanja, liwu ndi liwu: kugona, kudya, yunifolomu, nsapato, malipiro, Lolemba. Sanasiye kanthu, sanawonjezere kanthu. Atamaliza anayang'ana Letty ndi nkhope yowala, kudikira kuyamikiridwa monga ankachitira akakhoza.

A Evangelina anawomba m'manja katatu, anaweramitsa mutu mpaka pansi. Kenako anagwira dzanja la Letty ndi manja awo onse awiri.

"Munanena, mwananga. Ine ndimayesa n'zachibwana. Munanena, ndipo zachitika tchuthi chisanathe n'komwe."

Madzulo ake Letty anapita kwa ahedi. Anawapeza ali pakhonde, nsapato atavula, akumwa tiyi wotsala wa alendo.

"Aphunzitsi, akumutenga Margarida. Sabwereranso m'kalasi."

"Ndamva. N'zachisoni, mwana wamutu uja." Anapemerera tiyi. "Komatu dona wasangalala kwambiri. Akuti bungwe lawo litigulira malata atsopano, mvula isanatigwetsere denga. Akuti sanaonepo sukulu ya m'komboni yotulutsa zotere."

"Koma munati tiwathandize kuti asamathawe sukulu."

"Ndinatero. Nanga uyu wathawa? Watengedwa masana, pamaso pa ansembe. Letty, mwananga, pansi pa denga limenelo pamakhala ana mazana. Ukufuna ndikamuuze dona kuti abweze mwana, malata akhale?"

Kunyumba, a Laiton anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anamukumbutsa kuti nyumba imene akukhalamo ndi ya kampani, ndipo mwamuna wa donayo amadya ndi bwana wa komboni. Anamuuza kuti asambe, apumule, wachita zazikulu. M'mawa mwake a Evangelina anafika ndi tambala wofiira atamumanga miyendo. Letty anakana kumulandira, amayi ake anamulandira, ndipo Lamlungu anadyedwa. Letty anati sadya, koma njala ya msinkhu umenewo simvera mfundo. Anadya chiwindi akulira.

Tsiku loti mawa lake akwera sitima, anayenda mpaka kumayadi, kumtunda kumene fumbi la malasha silinkafika kwambiri ndipo udzu unkathiriridwa ndi paipi. Anazungulira kuseri kwa nyumba, poti kumaso kunali galu ndiponso sikunali kwa anthu ngati iye. Margarida anatuluka atavala diresi yabuluu, epuloni yoyera ndi nsapato zansalu zomukulira. Masaya anali atayamba kale kudzaza.

"Asisi! Mwabwera! Dikirani, mwana wagona kumene."

Anakhala pa sitepe ya kukhitchini. Letty anali atakonza mawu ambiri m'njira, onena za tsogolo ndi za kusataya mphatso ya Mulungu, koma ataona nsapato zija mawuwo anasokonekera.

"Akukusunga bwino?"

"Eya. M'mawa buledi wa jamu. Nyama kawiri pa sabata. Ndimagona m'chipinda cha mwana, pansi pali kapeti. Amayi anagulira abambo mankhwala a chifuwa pa sitolo, anawapatsa pa ngongole chifukwa cha ine."

"Nanga sukulu?"

Margarida anayang'ana kumpanda.

"Adona akuti zimene ndikudziwa n'zokwanira."

"Iwe ukuti bwanji?"

"Masamu ndimawasowa," anatero. "Ndimawerengera masipuni, koma amatha msanga." Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Asisi, tsiku lija munalakwitsa dala, eti?"

"Eya."

"Ndinazindikira usiku, nditagona. Pepani." Anakanda bondo. "Komabe amayi akanamva. Wophika wa pano ndi wa kwathu ku Angonia, akanawauza. Ndiye inu mukanakhala wabodza."

M'nyumba mwana analira. Margarida anadzuka msangamsanga, anakonza epuloni, anayankha dona m'Chingerezi chosalala kuti akubwera, n'kulowa. Letty anadikira pang'ono pa sitepe, koma sanatulukenso.

Tchuthi cha Epulo, Letty atatsika sitima, anapeza mbiri yake itafika kale m'makomboni onse. M'mawa woyamba, asanasukusule, pakhomo panali azimayi atandandalika, aliyense ndi mtsikana wake wosambitsidwa ndi kudzozedwa mafuta. Ena anachokera ku Madumabisa, ena kutali kuposa apo. Wina ananyamula mazira, wina dzungu.

"Mutichitireko ngati wa a Antonio uja," anatero mayi wina, a Mailesi, akukankhira kutsogolo mwana wawo Paulina. "Uyu ndi wofulumira, ndipo amakonda ana."

Letty anawalandira onse, koma makapu sanabwerekenso. Anawaphunzitsa masamu ogawa, mitsinje ya mu Afirika, ndi mmene magazi amayendera m'thupi. Chingerezi chimene anawapatsa chinali cha mayeso chokhachokha, cha ziganizo zonena za alimi a tirigu ndi sitima zapamadzi. Azimayi anadikira sabata imodzi, akumafunsa ana awo madzulo ngati afika pa tiyi. Sabata yachiwiri ana anayamba kuchepa. Pampopi nkhani inamveka yoti mwana wa a Mbewe wayamba kunyada, mankhwala enieni akuwabisa, mwina akusungira abale ake. Ena ankati ndi nsanje, poti wophunzira wake anapeza ntchito iye akadali kudya za bambo ake.

Atsikanawo sanasowe kopita. Lamlungu masana, nthawi yokhayo imene dona ankamumasula, Margarida ankabwera kwawo ku Madumabisa, ndipo azimayi anayamba kumutumizira ana awo. Ankawakhazika kuseri kwa nyumba, zitini zili m'malo mwa makapu, n'kuwaphunzitsa moni, kupepesa ndi kufunsa za shuga. Anali mphunzitsi woleza mtima, ndipo sankalola liwu lopotoka. Pofika mwezi wa Ogasiti, Paulina ndi anzake awiri anali atalembedwa kumayadi. Madona ankauzana okhaokha kuti atsikana abwino akuchokera ku sukulu ya a Kambalame.

Kumapeto kwa chaka, sukulu inachita mwambo wotsekera pansi pa malata atsopano onyezimira. Mu Sitandade 4 munatsala atsikana awiri, ndipo mmodzi anali mwana wa ahedi. A Kambalame anapempha Letty, monga chitsanzo cha komboni yonse, kuti alankhulepo za ubwino wophunzitsa mwana wamkazi. Anaganiza zokana, koma bambo ake anali atasita kale jekete.

Anaimirira kutsogolo n'kulankhula m'Chingerezi, monga mwambo unkafunira. Ananena zonse zimene zinali mumtima mwake chaka chathunthu. Anati mutu wa mtsikana si wonyamulira thireyi, anati komboni ikugulitsa ana ake anzeru pamtengo wa nsapato zansalu, anati denga latsopano n'lopanda ntchito ngati pansi pake palibe wokhalapo. Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Ansembe anali akuwodzera ndi kutentha. Dona sanabwere ulendo umenewu, anali kutchuthi kunyanja ya mchere ndi banja lake ndi mlezi wawo. Ahedi anamva zonse, ndipo itafika nthawi yotanthauzira anaimirira n'kuuza makolo kuti Letty wathokoza onse chifukwa chobwera, ndipo walimbikitsa ana kuti azilimbikira Chingerezi.

Makolo anawomba m'manja nthawi yaitali. A Mailesi analuluta kuposa onse, ndipo potuluka anauza anzawo kuti kunyada n'kunyada, koma mwana wa a Mbewe Chingerezi amachitha.